Mbiri ya malemu Kristen Nygaard, mmisiri wa Simula ndi bwenzi la anchito

Ophunzira za makompyuta pa yunivesiti ya Mulungushi ku Kabwe, monganso anzao a pa UNZA ku Lusaka ndi pa CBU ku Kitwe, sangamalize maphunziro ao osakumana ndi mau awiri a Cingerezi, class ndi object. Mau amenewa ndiwo maziko a zinenero za kompyuta monga Java, C++ ndi Python, zimene akatswiri amalembera mapulogalamu a m'mabanki, m'zipatala ndi m'mafoni a m'manja.

Maganizo amene ali kuseri kwa mau awiriwa anabadwira ku Norway m'zaka za m'ma 1960, ndipo eni ake anali a Kristen Nygaard ndi a Ole-Johan Dahl. A Dahl anali munthu wacete, wokonda masamu ndi piyano. A Nygaard anali munthu wolankhula ndi wokonda mtsutso. Iwo ataona kuti cida cimene anapanga cayamba kusewenzetsedwa posintha nchito za anthu popanda kuwafunsa eni nchitozo, anapita kukaima pamodzi ndi mabungwe a anchito. Tsiku la 27 August 2026 ndilo lokwanitsa zaka 100 cibadwire cao.

Ubwana ndi zaka za ku usilikali

A Kristen Nygaard anabadwira mumzinda wa Oslo pa 27 August 1926. Anali ndi zaka 13 pamene asilikali a Germany analowa m'dziko la Norway mu April 1940, ndipo zaka zisanu za unyamata wao zinathera pansi pa ulamuliro wa adani, kufikira nkhondo itatha mu May 1945.

Mu 1948 anayamba nchito ku bungwe la boma lofufuza za citetezo ca dziko, ku Kjeller, kunja pang'ono kwa Oslo. Kumeneko anaikidwa m'manja mwa katswiri wa masamu, a Jan Garwick, amene gulu lao linali kuwerengetsa masamu a makina oyamba a nyukiliya a dzikolo. Makinawo anayamba kusewenza mu 1951. Nthawi imeneyo masamu otere anali kucitidwa ndi anthu, pa mapepala ndi pa timakina towerengera ta pa tebulo.

Ndi pa nchito imeneyi pamene mnyamatayu anadziwira njira yochedwa Monte Carlo. Pakakhala vuto limene masamu olunjika alephera kulimasula, munthu amayesa nkhaniyo kambirimbiri ndi manambala otengedwa mwamaere, kenaka n'kuona zimene zatuluka kawirikawiri. Njirayi inapatsidwa dzina la mzinda wochuka ndi njuga. Mu 1956 a Nygaard anatenga digiri yao yapamwamba ya masamu pa yunivesiti ya Oslo, ndipo nkhani imene analemba inali ya njira yomweyi.

Kuyambira mu 1952 anali atatembenukira ku kafukufuku wa kayendetsedwe ka nchito, amene amafunsa kuti pafunika anthu angati, makina angati ndi ndondomeko yotani kuti nchito iyende bwino. Pakati pa 1957 ndi 1960 anatsogolera magulu oyamba a kafukufuku wotere m'gulu lankhondo la Norway. Mu 1960 anasiya za usilikali ndi kupita ku Norsk Regnesentral, likulu la za makompyuta lothandiza makampani ndi maofesi a boma, kumene anakhala mkulu wa kafukufuku mu 1962.

Kufunafuna cinenero ca mizere ndi kudikira

Mavuto amene anthu anali kubweretsa ku likululi anali ofanana m'cinthu cimodzi: onse anali a mizere ndi kudikira. Zombo zinali kudikira malo pa doko, apaulendo anali kudikira pa bwalo la ndege, zitsulo zinali kudikira makina m'fakitale.

Kuti vutoli limveke, munthu angaganizire za bwalo la sitima la ku Kabwe, kumene njanji inafika mu 1906 ndi kumene kuli likulu la Zambia Railways. Sitima yocokera ku Livingstone yafika, ina yocokera ku Copperbelt ikudikira, mabogi ena ayenera kumasulidwa ndi kulumikizidwa ku injini ina, ndipo njanji zopatukira n'zowerengeka. Woyang'anira akafuna kudziwa ngati kuonjezera injini imodzi kungacepetse kucedwa, sangaimitse nchito mwezi wathunthu kuti ayese. Koma angayese m'kompyuta, malinga pali njira youzira kompyutayo kuti sitima n'ciani, imacita ciani, ndipo imadikira ndani.

Njira imeneyo kunalibe. Zinenero za nthawiyo, monga Fortran ndi COBOL, zinali kuona pulogalamu ngati mndandanda wautali wa malamulo ndi magome a manambala. Munthu wodziwa bwino za doko kapena za fakitale akayang'ana pulogalamu yotere sanali kuonamo combo kapena makina alionse. A Nygaard anafuna cinenero cokhala ndi nchito ziwiri. Yoyamba, cithandize anthu kufotokozerana mmene malo a nchito amayendera. Yaciwiri, kufotokoza komweko kukalowa m'kompyuta, kompyutayo iyerekezere zimene zingacitike.

Iwo anali katswiri wa masamu, koma anafunikira munthu wodziwa mkati mwa kompyuta. Munthuyo anali a Ole-Johan Dahl, amene anabadwira ku Mandal mu 1931 ndipo anasewenzapo naonso ku Kjeller. Awiriwa anayamba kugwirira pamodzi mu 1962, ndipo cinenero cao anacicha Simula.

Caka comweco a Nygaard anapita ku America, kumene anakopa akuluakulu a kampani ya UNIVAC ndi maganizo ao. Zotsatira zake, likulu la ku Oslo linagula kompyuta yaikulu ya UNIVAC 1107 pa mtengo wotsika, ndipo inafika mu 1963. Simula anaimanga pamwamba pa cinenero ca ALGOL 60, ndipo kumayambiriro kwa 1965 inali itayamba kusewenza.

Awiriwa sanali kugwirizana mwacete. Pali nkhani imene a Nygaard eni ake anali kukonda kusimba, ya wanchito watsopano amene anathamangira kwa mayi woyankha matelefoni kukanena kuti amuna awiri akumenyana pa bolodi m'cipinda ca pamwamba. Mayiyo atachera khutu pang'ono anamukhazika mtima pansi, pomuuza kuti ndi a Nygaard ndi a Dahl cabe amene akukambirana za Simula.

Cikombole ndi njerwa

Simula yoyamba inali ya kuyerekezera cabe. Koma poisewenzetsa, awiriwa anazindikira kuti njira yofotokozera zombo ndi makina ingathe kufotokozera ciliconse cimene pulogalamu imakamba: munthu wosunga ndalama ku banki, wodwala m'cipatala, kalata, ngakhale cithunzi. Anaonanso kuti anali kulemba mizere yofanana mobwerezabwereza pa zinthu zosiyana pang'ono cabe.

Katswiri wa ku Britain, a Tony Hoare, anali atalemba mu 1965 za njira yoika zolembedwa za m'kompyuta m'magulu ndi timagulu. A Nygaard ndi a Dahl anaganizira za maganizowa kwa miyezi yambiri. Yankho linabwera ca kumapeto kwa 1966, pamene anali kulingalira za malo olipirira pa mlatho, pomwe malole, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono amaima pa mzere umodzi. Zonsezi zimasiyana, koma zili ndi khalidwe limodzi, la kuima pa mzere. Anaona kuti khalidwe limodzilo lingalembedwe kamodzi kokha, kenaka mtundu uliwonse wa galimoto n'kulitenga ndi kuonjezerapo zake.

Apa ndi pamene panacokera mau aja. Class ili ngati cikombole ca njerwa, pomwe object ndi njerwa imene yatuluka m'cikombolemo. Cikombole n'cimodzi, njerwa n'zambiri, ndipo iliyonse ili ndi malo ake pa khoma. Kusiyana kwake n'kwakuti njerwa ya m'kompyuta imasunga mbiri yake ndipo imadziwa zocita zake. Pa citsanzo ca njanji cija, cikombole ca bogi cimanena kuti bogi iliyonse ili ndi nambala, kulemera ndi kumene ikupita, ndiponso kuti ingalumikizidwe kapena kumasulidwa. Bogi imene yaima pa Kabwe lero ndi object imodzi ya cikombole cimeneco.

Kucokera pa cikombole ca bogi, munthu angapange zikombole zina: bogi ya apaulendo, bogi ya mkuwa, bogi ya mafuta. Ciliconse cimalandira zonse za kholo lake monga colowa, osazilembanso, ndipo cimangoonjezera cimene cili caceca, monga mipando kapena thanki. Akatswiri amacha zimenezi inheritance.

Panatsala cinthu cimodzi cimene anaciika m'cinenero nthawi itatsala pang'ono. Lamulo limodzi, monga lakuti katundu atsitsidwe, lingaperekedwe ku bogi iliyonse, koma iliyonse n'kulimvera mwa njira yake. Ya apaulendo itsegula zitseko, ya mafuta itsegula mipope. Wopereka lamulo safunika kudziwa kuti ndi bogi yotani imene ili patsogolo pake, ndipo mawa pakabwera mtundu wina wa bogi, pulogalamu yakale ipitiriza kusewenza popanda kuiphwasula. Simula inacha zimenezi virtual.

Cinenero catsopanoci cinalengezedwa pa msonkhano wa akatswiri ku Lysebu, pafupi ndi Oslo, mu May 1967, ndipo cinachedwa Simula 67.

M'cinenero catsopano, nchito ya kuyerekezera ija, imene inali ciyambi ca zonse, inacotsedwa pakati ndi kuikidwa m'zikombole ziwiri zokonzeratu, SIMSET ndi SIMULATION. Coyamba cinali kusamala mizere. Caciwiri cinali kusamala koloko ndi kudziwa kuti ndani ayenera kucita kanthu tsopano. Wolemba pulogalamu anali kungofotokoza combo cake kapena sitima yake, ndipo zikombolezo n'zimene zinali kuitana cinthu ciliconse nthawi yake ikakwana. Zinali ngati nyumba imene nsanamira ndi phaso zaimikidwa kale, mwini wake n'kungomata makoma ndi kufolera mmene afunira. Lero cinthu cotere cimachedwa framework, ndipo akatswiri ambiri amawerengera SIMULATION pakati pa zoyambirira za mtundu umenewu.

Mbeu imene inamera m'minda ya ena

Simula siinalemeretse eni ake. Inapangidwa kuti isewenze pa makompyuta a CDC, UNIVAC, IBM ndi DEC, koma likulu la ku Oslo linali laling'ono, mtengo wake unali wokwera, ndipo makompyuta a nthawiyo anali kuiona kulemera. Maganizo ake ndiwo anayenda ulendo wautali.

Mu 1966 wophunzira wa pa yunivesiti ya Utah ku America, a Alan Kay, anapatsidwa mulu wa mapepala a Simula yoyamba kuti awamvetse. Zimene anaonamo anapita nazo ku Xerox PARC, kumene gulu lao linapanga cinenero ca Smalltalk m'zaka za m'ma 1970. A Bjarne Stroustrup a ku Denmark anaphunzira maganizowa kwa a Nygaard eni ake pa yunivesiti ya Aarhus, ndipo anasewenzetsa Simula pa kafukufuku wao ku Cambridge. Mu 1979, ali ku Bell Labs, anayamba kuika zikombole m'cinenero cothamanga ca C, ndipo zimenezi n'zimene zinabala C++. Java, imene inatuluka ku kampani ya Sun mu 1995, inatsata njira yomweyo.

Munthu wina wa ku Norway, a Trygve Reenskaug, ali ku Xerox PARC mu 1978 ndi 1979, anakonza njira yogawa pulogalamu patatu: mbali yosunga zinthu, mbali yoonetsa pa sikirini, ndi mbali yolandira zofuna za munthu. Njirayi imadziwika ndi zilembo zakuti MVC, ndipo ma framework ambiri omangira masamba a pa intaneti amaitsata.

Zikombole zitaculuka, panabuka funso lina, lakuti ziyalidwe motani kuti pulogalamu isakhale cipwirikiti. Yankho linabwerekedwa kwa katswiri wa zomangamanga, a Christopher Alexander, amene m'buku lao la mu 1977, A Pattern Language, anasonkhanitsa njira zimene amisiri a nyumba ndi a midzi akhala akubwereza cifukwa zimathandiza. Mu 1987 a Kent Beck ndi a Ward Cunningham anayesa maganizowa pa mapulogalamu. Mu 1994 a Erich Gamma, a Richard Helm, a Ralph Johnson ndi a John Vlissides anatulutsa buku la Design Patterns, lofotokoza mapatani 23, ndipo zitsanzo zake zinali za C++ ndi Smalltalk, zidzukulu za Simula.

Patani ya pulogalamu imafanana ndi ya telala wa pa msika. Siili covala, koma ndi kadulidwe kamene kayesedwa kambiri ndipo kali ndi dzina. Telala akauza mnzake dzina la kadulidweko amamvana msanga, ngakhale nsalu ndi msinkhu wa wovala zisiyane.

Kutembenukira kwa anchito

Pamene ena anali kufalitsa maganizo a Simula, mwini wake anali ndi nkhawa ina. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anaona kuti ogula nchito za kuyerekezera anali mabwana a makampani. Iwo anali kuyesa m'kompyuta kuti makina aikidwe pati, munthu aliyense acite ciani pa mphindi zingati, ndiponso anthu angati angacotsedwe. Anthu amene miyoyo yao inali kuyesedwa m'mapulogalamuwo sanali kudziwa ngakhale kuti ayesedwa. Munthu amene anafuna cinenero coti anthu azimvana naco anapeza kuti cili m'manja mwa mbali imodzi yokha.

A Nygaard anafika kwa atsogoleri a anchito. Pakati pa 1971 ndi 1973, pamodzi ndi a Olav Terje Bergo, anayendetsa kafukufuku ndi bungwe la anchito a m'mafakitale a zitsulo ku Norway. Poyamba akatswiriwa anaganiza zolemba malipoti oti anchito awerenge. Kenaka anaona kuti lipoti lolembedwa ndi mlendo silisintha kanthu pa fakitale, motero anasintha njira. Anchito eni ake anapanga timagulu tophunzira, anafufuza makompyuta amene makampani ao anali kubweretsa, ndi kulemba zimene akufuna. Akatswiri anakhala othandiza, ndipo analemba mabuku a cilankhulo capafupi oti wowocherera zitsulo amve.

Zipatso zake zinaoneka msanga. Mu 1975 bungwe lalikulu la anchito ndi bungwe la olemba anchito ku Norway anasainirana pangano la za makompyuta. Panganolo linapatsa anchito ufulu wouzidwa za makina atsopano nthawi ikalipo, m'mau omveka, ndiponso ufulu wosankha nthumwi yao yapadera yoona za makompyuta. Mu 1977 maganizo omwewa analowa m'lamulo la dziko lokhudza malo a nchito. Ku Sweden ndi ku Denmark kunayambika kafukufuku wofanana, ndipo zonsezi pamodzi zinabala mwambo wakuti amene adzasewenzetsa pulogalamu akhalepo pamene ikukonzedwa.

Nkhani ya wanchito amene amamva zogamulidwa zitatha kale si yacilendo ku Kabwe. Mzindawu, umene kale unali kuchedwa Broken Hill, unakula cifukwa ca mgodi wa mtovu ndi zinki umene miyala yake inapezeka mu 1902, ndiponso cifukwa ca njanji. Mgodi utatsekedwa mu 1994, mabanja ambiri anatsala opanda malipiro, ndipo fumbi la mtovu linatsala m'nthaka ya makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Si kompyuta imene inatseka mgodiwo. Koma funso limene a Nygaard anali kufunsa, lakuti ndani amakhala pa tebulo pamene nchito za anthu zikuwerengetsedwa, anthu a ku Kabwe amalidziwa bwino. Ngakhale malo amene pali yunivesiti ya Mulungushi, imene inatsegulidwa mu 2008, poyamba anali a President's Citizenship College, sukulu imene m'zaka za m'ma 1970 inali kuphunzitsa utsogoleri kwa anchito a boma ndi a mabungwe a anchito.

Pa banja, a Nygaard anakwatira mu 1951 ndipo anali ndi ana atatu. Akazi ao anasewenza ku bungwe la Norway lothandiza maiko otukuka kumene, komwe kwa zaka zingapo anali kusamala za akatswiri otumizidwa kum'mawa kwa Africa.

Uphunzitsi ndi ndale

Nchito ya m'mabungwe a anchito siinawacotse pa kafukufuku. Pakati pa 1973 ndi 1975 anakonza cinenero ca DELTA, cofotokozera mmene zinthu zimayendera popanda kuganizira za kompyuta. Anakhala pulofesa ku Aarhus mu 1975 ndi 1976, ndipo kucokera mu 1977 anaphunzitsa pa yunivesiti ya Oslo kufikira atapuma mu 1996.

Kuyambira mu 1976, pamodzi ndi a Bent Bruun Kristensen, a Ole Lehrmann Madsen ndi a Birger Møller-Pedersen, anapanga cinenero ca BETA. Colinga cao cinali cakuti cikombole, lamulo ndi mtundu wa cinthu zonse zilembedwe ndi cida cimodzi, cimene anacicha pattern. Dzinali likufanana ndi la mapatani a m'buku la mu 1994, ngakhale tanthauzo lake ndi lina. Buku lofotokoza BETA linatuluka mu 1993. Kwa ophunzira ao, a Nygaard anali kutsindika kuti kulemba pulogalamu ndi njira yomvetsera cinthu, ndipo amene sanamvetse nchito ya anthu sangailembere pulogalamu yabwino.

Kwao ku Norway, anthu wamba anali kuwadziwa cifukwa ca ndale koposa makompyuta. Anali m'cipani ca Venstre m'zaka za m'ma 1960, pambuyo pake analowa cipani ca anchito. Mu 1972 anathandiza kugwirizanitsa magulu a acinyamata okana kuti Norway ilowe m'mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, ndipo okanawo anapambana. Nkhaniyi itadzukanso, anatsogolera bungwe la Nei til EU, kutanthauza kukana EU, kuyambira mu 1990 kufikira 1995. Bungweli linafika pa mamembala pafupifupi 145,000 m'dziko la anthu osafika mamiliyoni asanu.

Mbali inayo kunali nduna yaikulu, mai Gro Harlem Brundtland, makampani akuluakulu ndi manyuzipepala ambiri. Mfundo ya a Nygaard inali yofanana ndi ya ku mafakitale ija, yakuti zogamula zicitikire pafupi ndi anthu amene zidzawakhudza. Pa voti ya pa 28 November 1994, anthu 52.2 pa 100 alionse anakana. Sweden, Finland ndi Austria analowa mu EU mu January 1995, koma Norway inatsala kunja. Amene anali kufuna kulowa anati dzikolo ladzimana mau pa malamulo a ku Ulaya amene ambiri a iwo limawatsatabe kudzera m'pangano la zamalonda, ndipo mtsutso umenewu sunathe.

Ulemu wocedwa ndi imfa

Ulemu wa dziko lapansi unabwera dzuwa litapendeka. Mu 1990 analandira mphotho ya Norbert Wiener, yoperekedwa kwa akatswiri a makompyuta osamala za anthu. Mu 2000 Mfumu Harald ya Norway inapatsa a Nygaard ndi a Dahl ulemu wa St. Olav. Ca kumapeto kwa 2001 bungwe la IEEE linawasankha kulandira mendulo ya John von Neumann, ndipo mu February 2002 kunalengezedwa kuti awiriwa apambana mphotho ya Turing ya caka ca 2001, imene ndi yaikulu koposa zonse pa za makompyuta. Apa n'kuti papita zaka zoposa 30 cilengezere Simula 67.

A Dahl anamwalira pa 29 June 2002 atadwala nthawi yaitali. Patapita milungu isanu ndi umodzi, pa 10 August 2002, a Nygaard naonso anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima ku Oslo, ali ndi zaka 75. Anali kukonzekera kukakamba nkhani yao ya mphotho ya Turing mu November caka comweco ku Seattle, ndipo anali atangoyamba nchito yatsopano yofufuza njira zabwino zophunzitsira acinyamata class ndi object. Masiku anai iwo asanamwalire, katswiri winanso wochuka, a Edsger Dijkstra a ku Netherlands, anali atatsikira kuli cete.

Kuyambira mu 2005 pamaperekedwa mphotho ya Dahl-Nygaard kwa ofufuza za nthambi imeneyi, ndipo pa yunivesiti ya Oslo pali nyumba ziwiri zoyandikana zochedwa maina ao.

Colowa cimene cinafika ku Zambia

Mbali ziwiri za moyo wa a Nygaard, ya zikombole ndi ya anchito, zinakumana m'pulogalamu imodzi imene Zambia imasewenzetsa. Pakati pa zaka za m'ma 1990, tsankho litatha ku South Africa, ofufuza a pa yunivesiti ya Oslo, motsogozedwa ndi a Jørn Braa, anagwirizana ndi anzao a pa yunivesiti ya Western Cape kukonza njira yosonkhanitsira ziwerengero za umoyo m'maboma. Anatengera mwambo uja wa ku mafakitale a Norway, wokhala pansi ndi anamwino ndi makalaliki a m'zipatala ndi kukonza nao pamodzi.

Nchito imeneyi inabala pulogalamu ya DHIS2, imene inayamba kusewenza ku Kerala m'dziko la India mu 2006. Mbali yake yaikulu inalembedwa m'cinenero ca Java, pamwamba pa ma framework okonzeratu, ndipo imaperekedwa kwaulere. Maiko oposa 70 amaisewenzetsa, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi. Ziwerengero za malungo, katemera ndi ubereki zocokera m'zipatala za m'boma la Kabwe, monga za m'maboma ena onse, zimadutsa mmenemo popita ku unduna wa zaumoyo. Dziko lililonse limadzikonzera mafomu ake ndi zimene lifuna kuwerenga, popanda kulembanso pulogalamu yonse.

Acinyamata amene akuphunzira za makompyuta ku Kabwe ndiwo adzalemba mapulogalamu a mawa a njanji, a misonkho, a alimi ndi a masukulu. Kwa a Nygaard alandira cikombole, colowa ndi lamulo limene cinthu ciliconse cimamvera mwa njira yake. Alandiranso cizolowezi ca munthu amene anacoka pa bolodi ndi kupita ku fakitale kukafunsa wowocherera zitsulo kuti nchito yake imayenda bwanji, asanalole kuti ilembedwe m'kompyuta.